Mudzi umene mwana saloledwa kukhalamo

Nangozo: Muli bwanji nonse pagulu pano. Dzulo ndinaponya chithunzi cha agogo aja akuyendetsa kangolo ka gofu pamsewu, galu atakhala pampando ngati bwana, ndiye ambiri mwandifunsa kumbali kuti kumeneko ndi kuti. Ndingoyankhira pano kamodzi. Malowo ndi Sun City, ku Arizona m'dziko la America, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Phoenix. Ndi kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, chino ndi chaka chachinayi. Ine sindigona komweko, ndimachita lendi ku Peoria, tauni yoyandikana nayo. Ndikanakhala ndi ndalama zogulira nyumba sakanandilolabe, chifukwa zaka zanga sizinakwane komanso ndili ndi mwana wa zaka 11. Lamulo lake ndi lakuti pakhomo lililonse pakhale munthu wa zaka 55 kapena kuposa apo, ndipo wosakwana zaka 19 sakhazikika m'mudzimo. Mdzukulu akhoza kubwera kudzacheza koma masiku ake asapitirire 90 pachaka. Anthu alimo pafupifupi 40,000. Sukulu ya ana mulibe ngakhale imodzi.

Che Jafali wa ku Joni: Achemwali, Sun City yake iti? Kuno tili nazo ziwiri. Ina ndi ya juga ndi mahotela kufupi ndi Rustenburg, inayo ndi ndende ya ku Diepkloof imene anyamata amaitcha Sun City. Yachiwiriyo nayonso ana saloledwa kkkk

Nangozo: Kkkk Che Jafali mwayambatu. Yathuyi ndiye yachisamba. Ya mahotelayo inatsegulidwa mu 1979, ino mu 1960.

Aphunzitsi Mbewe: Mwanangu Nangozo, tabwerezanso, mwina maso angawa andinamiza. Mudzi wa anthu 40,000 wopanda mwana? Nanga madzulo amatuma ndani kukapala moto? Akamwalira munthu m'mudzi wopanda adzukulu, manda amakumba ndani?

Gama wa ku Chipata: Adzukulu ake ati aphunzitsi, a m'nyumba kapena a kumanda?

Aphunzitsi Mbewe: Onsewo. Ndaona kuti palibe ndi mmodzi yemwe.

Nangozo: Za manda ndifikako bambo, ndiyambe ndi mmene mudziwu unabadwira, chifukwa sunachite kumera wokha ngati yathu ija yoti agogo anafika ndi khasu n'kugwetsa mtengo. Uwu unachita kujambulidwa papepala ndi kampani. Mwini kampaniyo anali Del Webb, kalipentala wobadwira ku Fresno ku California mu 1899. Ali mnyamata ankasewera baseball, kenako anadwala taifodi, ndiye mu 1928 anasamukira ku Phoenix kumene mphepo yake ndi youma. Anayamba ndi timakontilakiti ting'onoting'ono mpaka kukhala mmodzi wa omanga akuluakulu a dziko lonselo.

Malo amene pali Sun City panali minda ya thonje ya kampani ya banja la Boswell, ndi kamudzi kena kotchedwa Marinette komwe kanali katatha kale. Webb anagwirizana ndi James Boswell, wina kubweretsa malo, wina kubweretsa amisiri. Chimene anachenjera n'chakuti sanagulitse lonjezo. Tsiku lotsegulira, pa 1 Januwale 1960, munthu ankafika n'kupeza zinthu zili chilili: nyumba 5 zachitsanzo zoti ulowe n'kutsegula makabati, bwalo la gofu, holo yochezeramo ndi dziwe losambira, mashopu. Iwo ankayembekeza anthu mwina 10,000. Pamasiku atatu oyambawo kunafika anthu oposa 100,000, magalimoto kuchita kutsekeka mumsewu wa Grand Avenue, ndipo nyumba 237 zinagulidwa pomwepo. Yotchipa inali pafupifupi madola 8,500. Ngakhale dzina lomwelo la Sun City linachokera pampikisano, wopambana anapatsidwa nyumba. Imodzi mwa nyumba zachitsanzo zija ilipobe pa Oakmont Drive, anaisandutsa malo osungirako mbiri. Ndinalowamo tsiku lina nditaweruka. Kanyumba kake kakang'ono ndithu, zipinda ziwiri, ena a inu ku Area 25 munamanga zoposa pamenepo.

Kondwa wa pa Zomba: Azakhali mwamutamanda kwambiri Webb. Munthuyu si mmishonale. Kampani yake ndi imene inamanga msasa wa Poston mu 1942, kumene boma la America linatsekera anthu ochokera ku Japan ndi ana awo nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Inamanganso hotela ya Flamingo ku Las Vegas, ya chigawenga chija Bugsy Siegel. Analinso mmodzi wa eni timu ya baseball ya New York Yankees kuyambira 1945 mpaka 1964. Anangoona kuti nkhalamba zayamba kukhala ndi ndalama, basi.

Nangozo: Sindinati ndi woyera mphwanga. Ndipo pamene wanenapo kuti nkhalamba zinayamba kukhala ndi ndalama, pamenepo ndiye pagona nkhani yonse.

Kondwa wa pa Zomba: Eya. Penshoni ya boma imene amati Social Security inayamba ndi lamulo la 1935. Pofika 1960 panali m'badwo woyamba wa anthu wamba, amisiri a m'mafakitale, aphunzitsi, a positi, amene akupuma pantchito ali ndi kangachepe kobwera mwezi ndi mwezi, ena ndi penshoni ya kampani pamwamba. Ambiri anali atamaliza kulipira ngongole ya nyumba ku Chicago kapena ku Minnesota kozizira kuja. Agulitsa nyumbayo, agula yotchipa ku Arizona, chenji n'kutsala. Mu 1965 kunabweranso Medicare, inshuwalansi ya boma ya kuchipatala kwa a zaka 65. Mukachotsa zinthu zimenezi, Sun City ndi munda wa thonje mpaka lero.

Nangozo: Wonjezerapo makina oziziritsa m'nyumba. Popanda amenewo kuno sikukhalika. Mu 2023 Phoenix inakhala masiku 31 otsatizana kutentha kukufika madigiri 43 kapena kuposa. Ine wa ku Ntcheu ndinkaganiza kuti ku Nsanje ndiye kumapeto. Chitsulo cha lamba wa m'galimoto chimakuwotcha ngati wagwira mphika.

Aphunzitsi Mbewe: Kangachepe kobwera mwezi ndi mwezi. Mawu okoma. Ine ndinagwira choko zaka 34. Nditapuma, mapepala anga anasowa kawiri pa ofesi ina yake, ndinakwera minibasi maulendo 9 kukangomva kuti bwerani mwezi wamawa, bwana apita ku msonkhano. Ndalama zitatuluka zinali zitatha kale mphamvu, malata amene ndinawerengera 40 ndinagula 22. Ndiye mukamati gofu, ine ndikumva ngati nthano ya kalulu.

Mayi a Tadala, Leeds: Pepani bambo. Amayi anga zinawachitikira chimodzimodzi.

Gama wa ku Chipata: Koma Webb ndi amene anayamba nzeru imeneyi?

Nangozo: Ayi, anachita kuonera. Pafupi pomwepo, kungowoloka msewu, pali katauni kotchedwa Youngtown. Anakayambitsa ndi Ben Schleifer mu 1954, ndipo ndi kamene kamadziwika kuti ndi koyamba ku America kukhala ka opuma pantchito okhaokha. Koma kanali kosauka, nyumba basi, zosangalatsa zochepa. Anthu a Webb anakaona n'kuzindikira kuti munthu wopuma pantchito sakufuna mpando wapakhonde wokha, akufuna chochita. Ndiye iwo sanagulitse nyumba yokha, anagulitsa moyo wotanganidwa. Mu 1962 nkhope ya Webb inali kale pachikuto cha magazini ya Time.

Nkhani ya Youngtown inatha mochititsa chidwi. Mu 1996 panali mnyamata wa zaka 16 amene ankakhala ndi agogo ake kumeneko. Akuluakulu a tauni anakana kumuwonjezera nthawi. Nkhani inafika kwa loya wamkulu wa boma la Arizona, atafufuza anapeza kuti lamulo la zakalo silinakhazikitsidwe moyenera, ndipo mu 1998 linachotsedwa. Lero ku Youngtown ana akusewera mumsewu. A ku Sun City anaphunzirapo, mpaka pano amalondera lamulo lawo ngati nkhokwe.

Che Jafali wa ku Joni: Tauni ya nkhalamba dzina lake Youngtown, n'kugwetsedwa ndi mwana mmodzi. Mulungu amaseka ndithu.

Kondwa wa pa Zomba: Chodabwitsa n'chakuti ku America kukaniza banja lokhala ndi ana kugula kapena kuchita lendi nyumba ndi mlandu kuyambira 1988. Koma midzi ya okalambayi anaipatula, ndipo lamulo la 1995 linanena kuti bola nyumba 80 pa 100 zilizonse mukhale munthu wa zaka 55. Ndi tsankho lololedwa ndi boma.

Mayi a Tadala, Leeds: Nanga amfumu a mudziwo ndani? Kampani?

Nangozo: Apa mpamene ndinadabwa nditangofika. Sun City ilibe meya, ilibe khonsolo. Anthu ake anavota kukana kuti ikhale mzinda, poopa misonkho. Misewu ndi chitetezo zili m'manja mwa boma la Maricopa County. Maholo ndi mabwalo a gofu amayendetsa ndi bungwe la eni nyumba, aliyense amasonkha pachaka. Zotsalazo ndi kudzipereka. Kuli gulu lotchedwa Posse, madala ndi amayi a imvi ovala yunifolomu, amazungulira ndi galimoto kuona nyumba za amene achokapo. Kuli lina lotchedwa PRIDES, Loweruka m'mawa mumawapeza atavala zofiirira akutola zinyalala, kudulira mitengo, kupaka laimu mathunthu a malalanje m'mbali mwa msewu. Kuli Sunshine Service kumene umakabwereka bedi la odwala, ndodo, njinga ya olumala, osalipira. Ndapitako kambirimbiri kukatengera odwala anga. Magulu a zochitachita ndi oposa 100: ukalipentala, kuumba, kusoka, kuvina, kusula siliva. Kuli mpaka gulu la amayi ovina atanyamula zithukuluzi m'manja ngati atsikana a kusekondale, Sun City Poms, ena a zaka za m'ma 70 ndi 80, mwendo kuuponya m'mwamba osaopa.

Ndinene chilungamo, ntchito yachitukuko imene kwathu timachita kukokana ndi belu la amfumu, kuno anthu amalimbirana.

Aphunzitsi Mbewe: Chifukwa akhuta. Wanjala sapaka laimu mtengo wa boma.

Nangozo: Kkkk zoona bambo. Koma pali nkhani ina imene inu monga mphunzitsi ikupwetekani. Poyamba Sun City inali m'dera la sukulu za Peoria, kumene mwana wanga akuphunzira panopa. Kuno sukulu zimamangidwa ndi msonkho wa nyumba, ndipo boma la sukulu likafuna kukongola ndalama zomangira, anthu a m'deralo amavota. Nkhalamba za ku Sun City zinkachuluka chaka ndi chaka, ndipo pa tsiku lovota sizijomba. Zinkangokana. Ana a ku Peoria anadzaza m'makalasi mpaka kumaphunzira mosinthana, ena m'mawa ena masana. Mapeto ake mu 1974 anangogwirizana zolekana, Sun City inatuluka m'deralo kuti a Peoria azitha kumanga sukulu zawo.

Aphunzitsi Mbewe: Apa ndiye ndakhumudwa. Iwowo anaphunzira ndi msonkho wa ndani? Ana awo ku Chicago anaphunzira ndi msonkho wa ndani? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Namwino amene akuwabaya jakisoni lero si mwana wa ku Peoria yemweyo?

Gama wa ku Chipata: Koma tiwamvetse pang'ono. Munthu wa penshoni ndalama yake sikwera. Msonkho ukakwera amachotsa pa mankhwala. Ndipo anachita kuuzidwa pogula kuti kuno misonkho ndi yotsika.

Aphunzitsi Mbewe: A Gama, penshoni yanga nayonso sikwera, koma komiti ya sukulu ikati njerwa, ndimaumba.

Kondwa wa pa Zomba: Ndipo sizinathere pomwepo. Malo atadzaza cha m'ma 1978, kampani inawoloka mtsinje wa Agua Fria n'kuyamba Sun City West. Mu 1996 inayamba Sun City Grand ku Surprise. Ku Florida ndi ku California anali atatsegula kale ma Sun City ena kumayambiriro kwa m'ma 1960. Webb mwini anamwalira mu 1974, kampani yake inagulidwa ndi kampani ina yotchedwa Pulte mu 2001, koma dzina lake akugulitsirabe nyumba mpaka pano. Ndipo amene anakula kuposa onse ndi ena, The Villages ku Florida, amene anayamba ngati malo oimikapo nyumba zokoka ndi galimoto.

Che Jafali wa ku Joni: Tauni ina Youngtown, ina Surprise. Achemwali mukukhala m'dziko lenileni kapena mukutinamiza?

Mayi a Tadala, Leeds: Ine funso langa ndi la ntchito yathu, Nangozo. Wa zaka 55 amene akumenya gofu sakufuna iwe ndi ine. Koma 55 sikhalitsa. Zimatha bwanji?

Nangozo: Mwafika pamene ndimafuna achemwali. Zithunzi za otsatsa malonda zimaonetsa bambo ndi mayi akuseka padziwe. Sizionetsa zaka 30 zotsatira. Poyamba mudziwu unalibe n'chipatala chomwe, anachita kusonkha okha mothandizidwa ndi banja la Boswell, chinatsegulidwa mu 1970. Lero mukayenda m'misewu ikuluikulu muona zikwangwani za madokotala a mtima, a maso, a mafupa, nyumba zosungirako oiwalaiwala, ndi magalimoto athu ife osamalira, ataima pakhomo ili ndi ilo. Ambiri mwa ife ndi obwera: a ku Mexico, a ku Philippines, a ku Kenya, a ku Congo, ine.

Ndikuuzeni za mayi wina amene ndinamusamalira miyezi 14, dzina ndisunga. Anali ndi zaka 89. Anabwera ndi amuna awo kuchokera ku Ohio ali ndi zaka 58, onse amphamvu. Bambowo anamwalira kalekale. M'galaja munali kangolo kawo ka gofu, matayala ataphwa, zibonga zili m'chikwama momwemo, fumbi lokhalokha. Panja m'malo mwa kapinga anathira timiyala topaka utoto wobiriwira, chifukwa madzi ndi odula ndipo wotchetcha palibe. Pa fuliji panali zithunzi za zidzukulu 7, koma zonse za ali makanda, pamene ena anali atakwatira kale. M'mawa ndinkawasambitsa, kuwasintha thewera, kuwaphikira phala la oats, kuwerenga mapiritsi m'kabokosi ka masiku 7. Mawu a munthu amene ankamva tsiku lonse anali anga ndi a wailesi yakanema.

Tsiku lina sukulu inatsekedwa mwadzidzidzi, ndinalibe pomusiya mwana wanga, ndinapita naye. Ndinamuuza akhale phee pakhonde la kuseri ndi buku. Mayi aja anamuona pawindo. Anati mulowetse. Anamukhazika patebulo n'kumuphunzitsa masewera a makadi, maola atatu, kuseka mpaka kutsokomola. Mankhwala a ululu tsiku limenelo sanapemphe. Tikutuluka, bambo wa nyumba yoyandikana anali ataima pampanda. Anandipatsa moni bwinobwino, kenako n'kufunsa kuti mnyamatayu akhala masiku angati.

Mayi a Tadala, Leeds: Iiih.

Che Jafali wa ku Joni: Apa ndasowa choseka.

Aphunzitsi Mbewe: Nanga za manda zija?

Nangozo: Atamwalira, kunabwera galimoto ya kampani ya maliro, anthu awiri, mphindi 20 basi. Panalibe kugona pasiwa, panalibe nyimbo, oyandikana nawo ena anamva patapita sabata. Thupi anawotcha monga anafunira eni ake, phulusa mwana wawo wamkazi anabwera kudzatenga n'kukwera nalo ndege. Ambiri kuno amatero. Chimene chinandidwalitsa ndi cha pambuyo pake. Anawo anatenga zithunzi ndi mphete, zotsalazo anaitana kampani yogulitsa katundu wa omwalira. Loweruka m'mawa chitseko chinali chotsegula, chilichonse chili ndi kapepala ka mtengo: masipuni, matawulo, Baibulo, kapu imene ndinkawamwetsera tiyi. Anthu osawadziwa akulowa mpaka kuchipinda, akunenerera. Ndinagula makadi aja dola imodzi. Patatha miyezi iwiri m'nyumbamo munalowa banja lina la zaka za m'ma 60, ndi kangolo katsopano.

Gama wa ku Chipata: Ndiye mudziwo sukalamba, amangosintha anthu ngati mabedi a m'chipatala.

Aphunzitsi Mbewe: Mwaona. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ukatenga madambo onse n'kuwaunjika pamalo amodzi, kumudzi moto uzimira pati? Ndipo dambolo lokha liuma. Azungu anataya makolo awo m'chipululu n'kupakapo utoto wobiriwira.

Nangozo: Bambo, ndikulemekezani, koma apa ndikutsutsani pang'ono. Palibe anawataya. Anapita okha, ena ana awo akuwaletsa. Mayi omwe aja ndinawafunsa tsiku lina ngati amadandaula kuti anachoka ku Ohio. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anati ndinalera ana anayi, ndinasamalira apongozi anga zaka 9 mpaka kuwatseka maso, ndipo nditafika kuno ndinaphunzira kusambira ndili ndi zaka 60, ndinali ndi anzanga oposa amene ndinakhala nawo moyo wanga wonse. Anati zaka 25 zinali zanga. Zisanu zomalizazi ndi zowawa, koma zikanawawanso ku Ohio, m'chipinda chapansi kwa mwana wanga, chipale chili pakhomo.

Usiku umenewo ndinaganiza za amayi anga ku Ntcheu. Ali ndi zaka 72. Pakhomo pali zidzukulu zisanu: awiri a malemu achemwali anga, awiri a mchimwene wanga amene ali ku Joni ndipo foni yake imagwira pa Khirisimasi pokha, mmodzi wa msuweni. Amadzuka 4 koloko. Amalima, amasinja, amathamangira kuchipatala ndi mwana kumsana. Ife timati agogo ali ndi mwayi, sasungulumwa. Koma ndani anawafunsapo ngati akufuna kulera kachiwiri? Tsiku limene anapuma ndi liti?

Che Jafali wa ku Joni: Achemwali mwandilasa. Anga awiri ali kwa amayi ku Mangochi. Koma ine ndimatumiza, Mulungu ndi mboni.

Nangozo: Sindinatchule dzina Che Jafali kkkk

Mayi a Tadala, Leeds: Ndipo tisamadzitame kwambiri kuti ife timasunga makolo. Ku Neno mu 2016 agogo anayi anaphedwa tsiku limodzi, ati ndi amene anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Amene amachita zotere nthawi zambiri si alendo, ndi a pamudzi pomwepo. Agogo akayamba kuiwala, kutuluka usiku osavala, kuno timadziwa kuti ndi matenda a ubongo, timalemba m'buku n'kuitana dokotala. Kwathu ena amati agwa pa ndege ya ufiti. Pamenepo bola mpanda wa Sun City.

Aphunzitsi Mbewe: Zimenezo ndi zoona ndipo ndi manyazi athu. Lamulo loletsa kutchula munthu mfiti lilipo chiyambire 1911, koma likugona m'kabati. Komabe mankhwala a mudzi wodwala si kusamutsa nkhalamba.

Kondwa wa pa Zomba: Nanga atamanga wotere kwathu, kunene ku Salima m'mbali mwa nyanja, angagule ndani?

Gama wa ku Chipata: Inu a kunja. Mukadzatopa ndi kuzizira.

Mayi a Tadala, Leeds: Ine ndingagule mawa. Koma ndikudziwa mmene zingathere. Mwezi woyamba mlamu abwera kuti mwanayu wasankhidwa kusekondale yapafupi, angogona miyezi itatu. Wachiwiri mdzukulu wa achemwali wadwala, akufuna kufupi ndi chipatala. Pofika Disembala pakhomo pali ana 8 ndi mbuzi. Ndani angaime pampanda kufunsa kuti akhala masiku angati? Angamuyese mfiti yemweyo.

Che Jafali wa ku Joni: Bwalo la gofu adzalamo chinangwa chaka chisanathe kkkk

Kondwa wa pa Zomba: Nthabwala pambali, chimene chikusowa si malo. Lamulo lokakamiza olemba ntchito kusungira antchito penshoni linayamba kugwira ntchito mu 2011 chabe, ndipo anthu ambiri ndi alimi ndi a geni, sakhudzidwa. Webb anapeza anthu ali kale ndi ndalama m'thumba. Kwathu penshoni ya munthu ndi mwana wake. Ungamange bwanji mudzi woletsa penshoni kulowa pageti?

Nangozo: Ndipo kunonso zinthu zikusintha. Obwera masiku ano ambiri akugwirabe ntchito, ena pa kompyuta m'nyumba, ena m'mashopu, chifukwa ndalama sizikukwana. Gofu ena alibe nayo chidwi, akulimbirana mabwalo a kampira kena kotchedwa pickleball. Nyumba za 1960 zija zakalamba, mapaipi akuphulika. Ena amangobwera nyengo yozizira kuchokera ku Canada ndi ku Minnesota, ikafika Epulo atseka nyumba, msewu wonse zii mpaka Okutobala. Ndipo pali ena amene mwana wawo wamwalira kapena walowerera ndi mankhwala ozunguza bongo, mdzukulu alibe kopita. Amenewo amasankha: kubisa mwana m'nyumba, kapena kugulitsa n'kutuluka. Mmodzi ndinamuthandiza kulongedza.

Gama wa ku Chipata: Nanga inuyo a Nangozo, zaka 55 zikadzakwana, mudzagula?

Nangozo: Funso limenelo mwana wanga anandifunsa tili m'galimoto tsiku la makadi lija. Ndinamuuza kuti ndikumanga ku Ntcheu, nyumba yafika pa lintala. Anati nanga ine ndizidzabwera masiku angati. Ndinangokweza wailesi. Koma ndisaname, dziwe losambira lija ndimalisirira. Ndili ndi zaka 43, kusambira sindidziwa.

Mayi a Tadala, Leeds: Kaphunzire pano, usadikire 60.

Aphunzitsi Mbewe: Ine pondichotsa pano ndi pa machira. Koma mawu a mayi wa ku Ohio aja, akuti zaka 25 zinali zanga, ndawawerengera mayi a kunyumba kuno. Akhala chete nthawi yaitali, kenako akuti ndifunse ngati kumeneko amalola munthu kupita yekha, mwamuna n'kutsala.

Che Jafali wa ku Joni: Kkkkkk aphunzitsi mwaziputa dala

Nangozo: Auzeni kuti amalola, ndipo amayi okhala okha ndi amene achuluka. Ndithawe, shifiti yanga ikuyamba 7 koloko, kuno kukucha kumene. Lero ndili ndi bambo wina wa zaka 91 amene amakana kusamba pokhapokha nditamuimbira nyimbo ya kwayala ya kwathu, mawu ake samva koma amaomba m'manja.

Aphunzitsi Mbewe: Moni nonse, uyu ndi mdzukulu wawo, ndine amene ndimawalembera chifukwa zilembo za pafoni saziona bwino. Agogo apita kukatsekera mbuzi. Akuti azakhali a Nangozo mukaweruka mutumize kanema wa agogo ovina aja, agogo aakazi akufuna aone. Musatumize wamtali, bandulo yatsala pang'ono ndipo foniyi ndi yanga.